Dotolo akabwerera kukaphunzira, walipira ndani?

TETE: Dotolo ndi namwino samaliza kuphunzira tsiku lolandira diploma. Matenda amasintha, mankhwala nawonso amasintha. Akuluakulu akukumbuka pamene malungo ankachizidwa ndi klorokwini. Lero kuchipatala timalandira Coartem, ndipo antchito a zaumoyo anayenera kuphunzitsidwa kaperekedwe katsopano. Maphunziro otere ngofunika kwambiri. Koma funso limene tikuliika pamaso panu, abale, ndi ili: ndalama za maphunzirowo zimachokera kwa yani?

Tamvani zimene zinachitika ku America. M'chaka cha 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin, mankhwala amphamvu othetsa ululu, a mtundu umodzi ndi morfina. Kuchokera 1996 kufika 2001 kampaniyi inakonza misonkhano yoposa 40 m'mahotela apamwamba a ku Florida, Arizona ndi California. Madotolo, anamwino ndi a m'mafarimasiya oposa 5,000 anapitako. Ulendo, chakudya ndi pogona, zonse inalipira ndi kampani.

Dzina lake linali maphunziro, koma mkati mwake munali malonda. Kampaniyi inkafalitsa uthenga wakuti mwa odwala 100, ngakhale mmodzi sangafike pokodwa ndi mankhwalawa. Madotolo anakhulupirira, nayamba kuwalembera anthu ambiri. Ndalama za malonda zinakwera kuchoka pa madola 48 miliyoni mu 1996 kufika pafupifupi 1.1 biliyoni mu 2000. Anthu ochuluka anakodwa, osathanso kukhala popanda mapiritsiwo, ndipo ambiri anafa atamwa mopitirira muyeso. Mu 2007 kampaniyi inavomera mlandu wonamiza anthu, nilipira chindapusa cha madola pafupifupi 600 miliyoni.

Wina wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga anganene kuti America ndi kutali. Inde ndi kutali, koma malangizo a zaumoyo amawoloka nyanja. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, OMS, linachotsa mabuku ake awiri a malangizo okhudza mankhwala a ululu. Izi zinachitika aphungu ena a ku America atadandaula kuti m'malangizowo munali dzanja la Purdue. Maiko ambiri, kuphatikizapo lathu, amayang'ana kwa OMS pokonza malangizo awo.

Tisasokoneze nkhani. Morfina si mdani. Kuno kwathu vuto ndi lina: odwala khansa ambiri amavutika ndi ululu chifukwa mankhwala otere safika kumidzi. Choipa ndi chakuti wogulitsa akhale mphunzitsi, pakuti wogulitsa satchula chilema cha katundu wake.

Dziko lathu la Moçambique lili ndi chida chodzitetezera. Kuyambira zaka zoyamba za ufulu, boma linakhazikitsa mndandanda wa mankhwala ovomerezeka, olembedwa ndi dzina la mankhwalawo, osati dzina la malonda. Chofunika n'chakuti Unduna wa Zaumoyo ndi masukulu a boma akhale eni ake a maphunziro, ndipo kampani ikathandiza ndi ndalama, zidziwike poyera.

Nanga inu odwala? Mukalandira reseita, funsani mwaulemu: mankhwalawa dzina lake ndi chiyani, ndimwe masiku angati, ndipo kuopsa kwake n'kotani? Mapiritsi a pamsika wa kumalire, aja ogulitsidwa padzuwa, asiyeni. Nsomba imakodwa chifukwa imaona nyambo yokha, osaona mbedza.