Maola amene salembedwa pa timesheet

Mwana akapeza ntchito ku Deloitte, EY, KPMG kapena PwC, kunyumba kumamveka nthungululu. Makampani anayiwa ndiwo akuluakulu padziko lonse pa ntchito yofufuza mabuku a zachuma, ndipo dzina lawo likakhala pa CV limatsegula zitseko. Zimenezo sindikutsutsa. Vuto langa lili pa mtengo umene achinyamata athu amalipira.

Mabanki ndi makampani ambiri amatseka mabuku pa 31 Disembala, ndiye onse amafuna ma auditor nthawi imodzi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, wophunzira ntchito amaweruka usiku, Loweruka ali kwa kasitomala, Lamulungu akumalizitsa mafayilo. Pa zonsezi onjezanipo mayeso a ACCA kapena a ICAM. Kukhoza mayeso kokha sikukwanira: ACCA imafunanso miyezi 36 yogwira ntchito yeniyeni munthu asanakhale membala. Mabwana amadziwa kuti mwanayo akufuna siginecha yawo, choncho sangathawe msanga.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya timesheet. Kampani imagulitsa maola. Ntchito iliyonse imakhala ndi bajeti ya maola imene anagwirizana ndi kasitomala, ndipo manejala amene gulu lake lapyola bajetiyo amaoneka wolephera. Tsono wamng'ono uja wagwira maola khumi ndi awiri, koma amalemba asanu ndi atatu. Palibe amene wamulamula. Wangoona nkhope ya bwana n'kumvetsa. Chaka chamawa bajeti imapangidwa poyang'ana maola abodzawo, ndipo wobwera pambuyo amalowa m'goli lomwelo. Lamulo la ntchito m'Malawi muno limati maola a pa sabata asapyole 48, koma ungadandaule bwanji za ovataimu imene iwe mwini unalemba kuti sunagwire?

Akuluakulu ena amangoti, "Nafenso tinadutsa momwemo, walira mvula walira matope." Yankho limeneli n'laulesi. Mu 2024 ku Pune, m'dziko la India, mtsikana wa zaka 26 anamwalira atangogwira miyezi inayi ku EY. Mayi ake analembera kalata mkulu wa kampaniyo kudandaula za kuchuluka kwa ntchito, ndipo boma la India linayamba kufufuza. Kampaniyo inakana kuti ntchito ndiyo inamupha, komabe achinyamata ambiri a ntchitoyi anadziona okha m'kalatayo.

Nanga tsogolo? Makwerero ake ndi odziwika: trainee, senior, manejala, kenako partner. Koma pamwambapo mipando ndi yochepa, ndipo kufikapo kumatenga zaka zoposa khumi. Ambiri akangomaliza mayeso amatuluka, n'kukakhala oyang'anira zachuma kubanki, kumabungwe othandiza kapena kukampani imene ankaifufuza ija, kawirikawiri pa malipiro okwererapo. Makampani ofufuzawo amadziwa zimenezi, ndipo amakonda kuti anthu awo akale akhale m'maofesi a makasitomala.

Kotero mwana wa mlongo wanu akamaliza ku MUBAS kapena ku Malawi College of Accountancy n'kuitanidwa ku intavyu, apite ndithu. M'zaka zitatu adzaona mabuku a banki, a fakitale ya shuga ndi a bungwe la chithandizo, zimene mnzake wa muofesi imodzi sangazione. Koma asachite manyazi kufunsa kuti ndalama za mayeso adzalipira ndani, tchuthi chowerengera ndi masiku angati, ndiponso akaweruka 11 koloko usiku adzafika bwanji ku Chilomoni minibasi zitasiya kuyenda.