Dyera tilibwezere kwa eni ake

Ndatopa nako kumva anthu a m'tauni akunena kuti ogulitsa makala m'mbali mwa msewu ku Nsanama, pakati pa Liwonde ndi Ntaja, ndi anthu adyera. Inde, nkhalango ya Liwonde ikutha, palibe angakane. Koma tisanaloze chala, tiyeni tiyambe tawafukula mawuwo.

Angerezi ali ndi mawu awiri. Greed adachokera ku mawu a Chingerezi chakale onena za munthu wolusa ndi njala. Avarice adachokera ku Chilatini, ku mawu oti avere, kulakalaka, ndipo amanena za munthu wokundika chuma chimene sangachimalize n'komwe. Ifenso tili nawo athu. Wosusuka amatsomola nsima anzake asanasambe m'manja. Waumbombo amabisa ndiwo mlendo akaodira. Mu dyera namo mukumveka kudya, koma makolo athu sankamutcha wadyera munthu wanjala ayi. Wadyera ndi uja wakhuta kale, dzanja likadali m'mbale ya mnzake.

Tsono ndikufunseni, abale anga: mayi wosenza thumba la makala kuti ana agone atadya, ngwanjala kapena ngwadyera? Nanga makalawo amayakira kuti? Si pa mbaula zathu zomwezi ku Zomba ndi ku Blantyre?

Adyera enieni tikuwadziwa. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa mu 2000 ndi 2001, ndipo pofika 2002 anthu kumudzi ankadya mizu ndi gaga. Mu 2013 ku Capital Hill kudasowa ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi 6 yokha, malinga ndi kafukufuku wa Baker Tilly. Nanga dzina limene nkhaniyo idapatsidwa? Cashgate, ngati dzina la kanema! Mbava yovala tayi timati njochenjera, njotakata, yapanga dilu. Ikafika pa maliro timaipatsa mpando wandalema, ife n'kukhala pa mphasa.

Mawu akasokonekera, chikwapu chimagwera wosalakwa. N'chifukwa chake wa njinga amalandidwa thumba lake limodzi, pamene wokhuta tikumuombera m'manja.

Ine ndikuti wanjala tizimutcha wanjala, n'kumupezera china chochita kuti mitengo ipume. Koma wadyera timutchule dzina lake m'Chichewa chomveka, poyera, iye akumva. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pusi wathuyu sakugwa chifukwa ndife tomwe tagwirizira nthambi.