Nyama ya Khrisimasi sidzikonza yokha

Achemwali, Disembala wafika ndipo malangizo ayamba kale kuvumba ngati mvula ya ku Chawe. Pa wailesi, pa WhatsApp, ngakhale azakhali pa foni, nkhani ndi imodzi: konzeranitu zonse dzulo lake kuti tsiku la Khrisimasi musapanikizike. Malangizo abwino, eti? Koma taonani amene akuuzidwa. Sakuuza achimwene. Sakuuza bambo a m'nyumba. Akuuza ife. Ndipo tikakonzeratu, ntchitoyo sichepa ayi. Imangosamuka kuchoka pa 25 masana kupita pa 24 usiku, nthawi imene palibe woiona.

Tiyeni tiiwerenge. Tinene kuti banja la anthu 20 ku Matawale kapena ku Chinamwali lagwirizana kuti chaka chino likadyera kuphiri, ku damu la Mulunguzi kapena ku Williams Falls. Phwandolo limayamba kukadali sabata yathunthu, wina akamawerengera ngati ndalama zimene wagawana ku banki m'khonde zikwanire nkhuku zisanu. Pa 22 kapena 23 yemweyo ali mu msika waukulu wa Zomba, kunenerera tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi, kununkhiza mpunga, kusaka thumba la makala osanyowa poti ndi dzinja. Thobwa liphikidwe msanga kuti ligone. Pa 24 ndiye kuwiritsa madzi, kusosola nkhuku, kuzitumbula, kuzidula, kusinja adyo ndi jinja, kufinya mandimu, kupaka nyama kuti igone zikulowerera. Kenako kusankha mpunga, kusenda ndowa ya mbatatesi, kusita zovala za ana. Kugona 12 koloko, kudzuka 4 koloko kukoleza mbaula.

Tikafika kuphiri, mwamuna amatenga foloko yaitali, botolo kudzanja linalo, n'kuima pa moto. Amatembenuza nyama imene wina wagula, wina watsuka, wina wathira zokometsera. Ola limodzi basi. Chithunzi chajambulidwa, chapita pa status, anthu akuombera m'manja kuti achimwene amatha kuwotcha. Amene sanagone uja ali kuseri, mwana kumsana, akugawa saladi m'mbale. Ikafika nthawi yodya, nthutumba ndi ntchafu zapita kwa abambo, iye watsala ndi khosi ndi zipalapasiro. Madzulo anthu akupumula, iye akukwecha mapoto. Ndiye mukuti imeneyi ndi holide ya tonse?

Zimenezi si za ku Zomba kokha. Mu 2018 bungwe la ILO linapeza kuti pa maola onse a ntchito zosamalira pakhomo zimene palibe amalipidwa, amayi padziko lonse amagwira 76 pa 100 alionse, kuposa katatu zimene amagwira abambo. Pa Khrisimasi, pa Nyuwere, pa Idi, pa chinkhoswe, katunduyo amangowonjezekera. Masiku 16 olimbana ndi nkhanza amatha pa 10 Disembala. Timapinda ma T-shirt, n'kubwerera ku mbaula ngati kuti palibe chimene tinanena.

Tikudziwa zimene atiyankhe.

Ena ati amuna satha kuphika. Ayi ndithu, tisanamizane. Amene amakazinga tchipisi pa chiwaya ku depoti ndi ndani? Amene amawotcha kanyenya ndi mang'ina pa malo omwera ndi ndani? M'mahotela ndi m'malo ogona alendo, zipewa zoyera zija zavalidwa ndi amuna angati? Nthawi imene Zomba anali likulu la dziko, mpaka 1975, makhukhi a m'nyumba za azungu ndi za mabwana a boma ambiri anali amuna. Ankaphika, ankachapa, ankasita. Mwamuna wa ku Malawi amatha kuphika bwinobwino pakakhala malipiro kapena kamera. Luso limathawa pokhapokha ntchitoyo ikakhala yaulere.

Ena ati abambo ndi amene amagula, komanso ndi amene amapha mbuzi. Kupha ndi kusenda mbuzi ndi ntchito, sitikukana. Koma yerekezani ola limenelo ndi masiku atatu a kumsika ndi kukhitchini. Nanga matumbo a mbuziyo amatsuka ndani? Za ndalamazo, tiyeni tinene zoona: ambiri a ife tili pa ntchito, tili pa geni, timasonkha nawo. Mtsikana amene wasonkha K20,000 mofanana ndi mchimwene wake amakapezekabe pa beseni la mbale, mchimweneyo ali pa bawo.

Ena ati ndi chikondi, mayi amasangalala kudyetsa banja lake. Inde, ambiri timakonda kuphika, ndipo timanyadira mpunga ukatuluka woyoyoka. Sitikufuna kuti phwando lithe. Koma chikondi chimenechi bwanji chimatuluka thukuta mbali imodzi yokha? Funsani amayi anu kuti ndi Khrisimasi iti imene anakhala pansi n'kudya chakudya chikadali chotentha. Muone mmene akhalire chete akuwerenga zaka.

Palinso china chimene olangiza aja sanena. Nzeru yophikiratu zonse inachokera kwa anthu a filiji yaikulu, uvuni ndi magetsi osazima. Ife tili mu Disembala wotentha ndi wa mvula, ambiri tikuphikira makala, ndipo amene ali ndi filiji sadziwa kuti magetsi achoka nthawi yanji. Bungwe la WHO limati chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, ndipo chosunga chikhale pozizira kuchepera madigiri 5. Mpunga wogona pamtunda, saladi wa mayonezi ndi nkhuku yofunda m'galimoto ndi zimene zimatsegula anthu m'mimba pa 26. Sitinaiwale kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Choncho zambiri ziyenera kuphikidwa tsiku lomwelo, ndipo munthu mmodzi sangakwanitse. Ana akadwala, mukudziwa kale amene adzanyozedwe kuti ndi wauve, komanso amene adzagone pa benchi ku chipatala.

Ndiye ife tikuti kukonzeratu kwenikweni n'kugawana ntchito kukadali masiku. Tsegulani gulu la banja la pa WhatsApp lero, lembani ntchito iliyonse ndi dzina pambali pake.

Kumsika apite awiri, wamwamuna ndi wamkazi, ndipo wonyamula thumba adziwike. Makala, nkhuni ndi madzi zikhale ndi mwini wake. Wopha nkhuku asosolenso ndi kutumbula. Wowotcha nyama ndi amene aikonze dzulo lake: adule, apake adyo, jinja, mandimu, mchere ndi kambuzi, aike m'chidebe chotseka pansi penipeni pa filiji kuti madzi ake asadonthere zina. Ngati filiji kulibe kapena magetsi ndi okayikitsa, nkhuku igone yamoyo, aiphe yekha m'mamawa. Zimene zingakonzedwe dzulo lake popanda vuto ndi thobwa, mandasi, kusinja zokometsera, kusankha mpunga ndi kutsuka ziwiya. Mpunga ndi saladi zikhale za tsiku lomwelo. Popita kuphiri, nyama yaiwisi ikhale mu cooler box yakeyake ndi ayezi, kutali ndi zophikaphika, ndipo wina atenge sopo ndi chigubu cha madzi osamba m'manja. Nkhuku ipse mpaka pa fupa, osati kunja kwakuda m'kati muli magazi. Pomaliza, lamulo losavuta: amene sanaphike ndiye atsuke. Walira mvula walira matope. Wofuna nyama yowotcha afunenso waya wa mafuta uja.

Ndipo tisathawe ntchito poikankhira kwa mkazi mnzathu wosauka. Mtsikana wantchito nayenso ali ndi kwawo ku Jali kapena ku Mayaka, ali ndi amayi ake amene akumudikira. Mulekeni apite, kapena ngati mwagwirizana kuti atsale, mulipireni. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wogwira ntchito pa tsiku la holide alandire kawiri malipiro a masiku onse. Tikamakwera msewu wokhotakhota wa kuphiri uja timakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Moto wa maphwando a m'tauni muno umadutsa pa makosi awo. Tikamanena za ufulu wa amayi, iwonso alimo.

Tionetsetsenso ana. Mtsikana wa zaka 10 akamasenda mbatatesi mchimwene wake wa zaka 14 ali pa foni, phunziro laperekedwa kale, ndipo palibe sukulu imene idzalifufute. Mupatseni mnyamatayo mpeni. Sadzafa.

Malawi ali ndi Gender Equality Act kuyambira 2013, nthawi imene mtsogoleri wa dziko anali Joyce Banda, mayi wa kuno ku Zomba. Koma lamulo silibwera kudzagawa mbale zakuda pakhomo panu. Imeneyo ndi ntchito ya pakamwa pathu. Pa 24 Okutobala 1975, amayi 90 pa 100 alionse a ku Iceland anasiya ntchito tsiku limodzi, ya ku ofesi ndi ya pakhomo yomwe. Abambo anapita ndi ana ku ntchito, masoseji anatha m'mashopu poti ndi zimene ankatha kuphika mwachangu. Dziko linaona ndi maso ntchito imene linkati kulibe.

Ife sitikuitanitsa sitalaka. Tikuitanitsa ndandanda wa maina, usanafike 20 Disembala. Adzakutchulani waulesi, adzati sukulu yakuwonongani, azakhali adzafunsa kuti adzakukwatirani ndani. Ayankheni mwaulemu, ndandandawo musaufufute. Ndipo mbale yoyamba chaka chino, ya ntchafu ndi nthutumba yomwe, ipite kwa mayi amene waphikira banjalo Khrisimasi zonse zapitazi. Akhale pa mpando, adye chikadali chotentha.