Za Ziweto Zathu: Chikalata cha Galu Wanu

Inu eni agalu, tamverani. Tsiku limene alangizi a ziweto abaya galu wanu jekeseni wa chiwewe, amakupatsani kachikalata. Ambiri a inu mumangokataya, ndipo ena mumapichirira fodya. Kutero n'kulakwa ndithu.

Taganizani, galu wanu waluma mwana wa mnansi pachitsime. Kuchipatala adzafunsa kuti, kodi galuyo anabayidwa liti? Pabwalo la amfumu adzafunsanso chomwecho. Pamenepo mawu apakamwa sathandiza, pakuti aliyense amakometsa galu wake. Mboni yanu ndi chikalatacho, chifukwa chimaonetsa tsiku.

Chiwewe chikayamba kuonekera pa munthu, palibe mankhwala omuchiza. Chotero wolumidwayo atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo, chikalata chilipo kapena palibe. Galuyo mumumange masiku 10, kuti alangizi aone ngati adwala.

Amphaka nawonso amagwidwa chiwewe, koma mumawaiwala. Anyamuleni m'dengu lotseka. Kagalu ka miyezi 3 kakwana kale kubayidwa. Zikalatazo ziikeni m'chitini chovundikira, mmene chiswe sichingalowe.