Ndani aimire tenanti wa fodya kukhoti?

Mabelo akamakwezedwa pa lole kupita ku okushoni ya Chinkhoma, tenanti amakhala atamaliza mbali yake. Anafesa nazale, anawokera, anathyola, anasoka, anayanika m'chigafa, mkazi ndi ana ali pambali pake. Chatsala ndi tsiku lowerengera. Bwana amatsegula kope n'kuyamba kudula: feteleza, ndowa za chimanga, mchere, ndalama ya kuchipatala ija, thiransipoti yochokera ku Mulanje kapena ku Phalombe. Wina amatuluka ndi kangachepe, wina amauzidwa kuti ngongole yatsala, alimenso chaka chamawa. Mgwirizano unali wapakamwa, kope ndi la bwana. Akafuna kudandaula, amuimira ndani?

Omwe anabwera mwamphamvu anachokera kutali. Mu 2018 nyuzipepala ya The Guardian inalemba za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, ndipo mu Disembala 2020 maloya a Leigh Day anasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti lalikulu ku London, m'malo mwa matenanti ndi ana awo oposa 7,000. Dandaulo n'lakuti makampaniwa alemera ndi thukuta la ana ndi la anthu omangidwa ndi ngongole. Iwo akukana. Akuti sagula kwa tenanti koma kwa makampani ogula masamba, ndiye palibe angaloze kuti fodya wa uje ndiye analowa mu ndudu zawo. Anapempha kuti mlandu uthere pakhomo, koma mu Juni 2021 woweruza Martin Spencer anakana.

Tenanti sasolola m'thumba kuti dzina lake lilembedwe. Komabe tisanamizane kuti ndi zachifundo zokha. Leigh Day ndi bizinesi: milandu yotere ikapambana imalipidwa, ikagonja yaluza. Okayika amati n'chifukwa chake imasankha wosumiridwa wa thumba lakuya, pomwe mwini esiteti wa ku Santhe kapena ku Chamama, yemwe anagwira kope lija, sakhudzidwa. Milanduyi imatenganso zaka, tenanti ali chidikirire, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Zoona zimenezo. Koma funso langa ndi ili: ndi loya uti wa kuno angasiye ofesi yake n'kumayenda esiteti ndi esiteti kulemba umboni wa anthu zikwizikwi, kulipira akatswiri, kulimbana ndi maloya a kampani yogulitsa ndudu dziko lonse, zonsezi osalandira kanthu? Mtima wabwino sugula mafuta a galimoto. Ndipo njirayi inabalapo kale zipatso: mu 2021 kampani ya Camellia inagwirizana kunja kwa khoti, osavomera kulakwa, ndi amayi 36 a m'maesiteti a tiyi a kampani yake ya Eastern Produce, omwe ankaimiridwa ndi Leigh Day yomweyo.

Kwathu kuno nkhani ya ku Msundwe ndiyo inatiyika pa mpeni. Bungwe la Women Lawyers Association linaimira amayi ndi atsikana 18 omwe anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019, ndipo mu 2020 linapambana. Tonse tinaomba m'manja. Kenako kunamveka kuti boma lilipire maloyawo K255 miliyoni, kuposa chipukuta misozi cha amayi onse pamodzi. Anthu anakwiya: si paja munati n'zaulere? Maloya anayankha kuti ndalamazo amapereka ndi wogonja pa mlandu, sizichotsedwa pa za amayiwo. Mwalamulo sananame. Koma boma lilibe munda, ndalama zake ndi misonkho yathu, ndipo chimene chinawawa n'chakuti anthu anazimva kumapeto. Loya alipidwe ndithu, bola anene poyamba kuti adzalipidwa ndi ndani, zingati, m'chinenero chimene womuimirayo akumva.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mlandu waung'ono, wa banja limodzi lomwe ladyeredwa chaka chimodzi. Ku London ndi wochepa kwambiri. Kuno lamulo limati loya aliyense agwireko ntchito yaulere chaka ndi chaka, ndipo Legal Aid Bureau yakhala ikugwira ntchito kuyambira 2015, koma maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuchoka ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo munthu amene watuluka pa esiteti chimanjamanja alibe ya minibasi.

Mu 2021 a Legal Aid Bureau anapempha kuti maparaligo, othandiza pa zamalamulo omwe si maloya, aziloledwa kuimira anthu pa milandu ing'onoing'ono kwa majisitireti. A Malawi Law Society anatsutsa, ati wosauka naye ayenera loya wophunzira mokwanira, osati chilungamo cha theka. Mfundoyi ndi yomveka, koma m'makhoti omwewo wapolisi wozenga mlandu nthawi zambiri si loya, majisitireti ambirinso si maloya. Yekhayo woletsedwa kukhala ndi womulankhulira wotere ndi mmphawi. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti posintha lamulo la ntchito. Tsopano wolima fodya wa mwini ayenera kulandira malipiro ngati wantchito wina aliyense, ndipo akamanidwa, wofunika kumulembera kalata yoyamba ndi munthu amene angamupeze pa boma la Kasungu tsiku lomwelo.