ZA KUSIYANA KWA AKRISTU PA NKHANI ZA BOMA

Kwa Mafumu ndi Abale onse a Bungwe lathu,

Pakati pa ife a kuno ku Benga pali a Anglican, amene mishoni yao inakhazikika pa Nkhotakota m'caka ca 1894. Pali Akatolika, a C.C.A.P. a Sinodi ya Nkhoma, a Mboni za Yehova, ndiponso abale athu Asilamu. Ku nyanja tikoka khoka limodzi, ndi pa maliro tikhala pa mphasa imodzi. Koma ikafika nyengo ya cisankho, Mkristu ayamba kuyesa Mkristu mnzace wopanduka kapena wamantha, ndipo yense atsegula Buku kuti limcitire umboni. Tifuna kuti tilingalire nkhaniyi tisanakomane pa msonkhano ukudzawu.

Tidziwe poyamba kuti onsewo apezadi mau m'Buku. Wina awerenga Aroma 13, naphunzira kumvera olamulira. Wina awerenga Macitidwe 5, napeza atumwi alikukana lamulo la akuru. Wina awerenga Amosi, namva mneneri alikudzudzula odyera aumphawi. Winanso awerenga Yohane 18, natsimikiza kuti Mkristu alibe gawo m'maufumu a anthu. Masamba onsewa ali m'cikuto cimodzi.

Mbiri ya dziko lathu ionetsa comweco. Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analemba kalata mu November 1914 kudandaula kuti anthu akuda alikufera nkhondo ya Azungu, ndipo pa 23 January 1915 anautsa nkhondo pa atsamunda. Koma Levi Mumba, wophunzira wa ku Livingstonia, anakhala mlembi wa North Nyasa Native Association, loyambidwa m'caka ca 1912, nasankha njira ya misonkhano ndi makalata opita ku Boma. Onse awiri anali Akristu, onse awiri anamva kuwawa kwa anthu ao, koma njira zao zinapatukana.

Pa 8 March 1992 m'machalichi a Katolika munawerengedwa kalata ya Maepiskopi, yonena za malipiro ocepa a anchito, za kusowa kwa mankhwala ndi masukulu, ndi za anthu omangidwa popanda kuweruzidwa. Boma linaiyesa kalata youkira, nilipitikitsa Monsignor John Roche m'dziko. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anabvomereza mau a kalatayo, pamene akuru a Sinodi ya Nkhoma anakhala ku mbali ya Dr Banda. Mpingo wa dzina limodzi unalankhula pawiri kufikira referendamu ya pa 14 June 1993.

Koma cimene citilemera koposa ndi ici. A Mboni za Yehova anakana kugula khadi la cipani cifukwa ca mawerengedwe ao a Buku. Boma linaletsa mpingo wao mu October 1967. M'caka ca 1972 nyumba zao zinatenthedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Ciletsoco cinacotsedwa m'caka ca 1993. Zaka zonsezo mipingo yambiri inakhala cete, pakuti inati, Awo sawerenga monga ife. Mkwapulo womwewo unadzayandikira Maepiskopi mu 1992. Makolo ananena zoona: caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Cifukwa cace ife sitidzaweruza ndani awerenga bwino. Umenewo ndi mlandu wa abusa, ansembe ndi mtima wa munthu yense. Cathu ndi kuona kuti kusiyanaku kusalowe m'bwalo la mfumu, ndipo tipempha zinthu zitatu.

1. Munthu asalandidwe munda, dimba kapena doko la bwato lace cifukwa ca mpingo wace, cipani cace, kapena cifukwa sanaponye voti.

2. Polemba maina a olandira feteleza kapena cimanga ca cithandizo, afunsidwe za umphawi wace, asafunsidwe kumene apemphera.

3. Pa misonkhano yathu, wochula vesi alole mnzace achule lace. Ndipo pomanga mfundo tinene zifukwa zimene Msilamu yemwe akhoza kuzimva ndi kuziyankha, pakuti mseu, msika ndi cipatala nza tonse.

Inu Mafumu, anthu a mipingo yonse ndi ana anu, ndipo wofooka ayang'ana kwa inu tsiku limene khamu limtembenukira. Mwera ukauka pa nyanja, opalasa safunsana za katekisima kufikira bwato litagunda mcenga. Tikupemphani mufike nonse pa msonkhano, ndipo wotsutsa mauwa adze nazo zifukwa zace. Tidzamumvera kufikira atatha.

Ndife anu mwaulemu,
Mlembi, m'dzina la Komiti ya Bungwe.