Chilonda chosapola chisadikire mawa

Tikuphunzira za mafunde a electromagnetic ku Fomu 3, ndinanena kuti kuwala kwa UV kochokera kudzuwa kumayambitsa khansa ya pakhungu, koma ma X-ray amatha kuichiza. Mtsikana wina anakweza dzanja: "Aphunzitsi, ndiye zikusemphanatu!" Sizikusemphana ayi. Onse awiri amaononga DNA ya m'maselo. Kusiyana kwake n'kwakuti dzuwa limawomba paliponse, pomwe dokotala amayeza mlingo wa ma X-ray n'kuwalunjika pachotupa penipeni.

Tiyeni tione khansa yotchedwa squamous cell carcinoma. Kuno ku Malawi imazunza kwambiri anzathu achialubino, chifukwa khungu lawo lili ndi melanin wochepa zedi, yemwe ndi chishango cha UV. Imakonda pankhope, m'makutu, pamilomo ndi pakhosi.

Isanafike pokhala khansa yeniyeni, nthawi zambiri imayamba ngati kachigamba kokhakhala. Pamenepa dokotala amangopoperapo nayitirojeni wamadzi, amene amawira pa -196°C. Madzi a m'maselo odwalawo amaundana, maselowo n'kufa. Zimatha m'mphindi zochepa. Palinso mafuta opaka otchedwa fluorouracil, olembedwa ndi dokotala.

Ikasanduka chotupa, njira yodalirika ndi opareshoni. Amachotsa chotupacho pamodzi ndi khungu labwino pang'ono lozungulira, n'kukaliyeza pa maikulosikopu kuti atsimikize kuti sipanatsale kanthu. Ngati malowo ndi ovuta kudula, kapena akukayika kuti maselo ena atsalira, m'pamene amagwiritsa ntchito ma X-ray aja, mankhwala otchedwa radiotherapy. Ikafalikira m'thupi, pamafunika mankhwala amphamvu, ndipo mwayi wochira umachepa.

Mwaona? Munthu akamachedwa, chithandizo chimanka chikulirakulira, kupweteka komanso kudula. Maganizo anga ndi akuti mankhwala oposa onsewa ndi kufulumira. Ena amati, "Kuchipatala n'kutali, thiransipoti kulibe, tiyambe tayesa zitsamba." Vuto la ndalama ndi lenileni, sindikukana. Koma ulendo umodzi lero ndi wotchipa kuposa maulendo khumi chaka chamawa. Akulu anati m'mera m'poyamba.

Ndiye inu, mukaona mnzanu kapena m'bale ali ndi chilonda chosapola kwa mwezi, chotuluka magazi kapena chomakula, musamuseke, musanene kuti walodzedwa. Uzani makolo kapena aphunzitsi, apite naye kuchipatala. Ndipo mnzanu wachialubino akavala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali pa asembule, musiyeni, akudziteteza. Mum'patsenso malo a pamthunzi.